Kukhoma Mashelefu m'Kasitolo ka Kukhitchini

Kasitolo ka kukhitchini m'nyumba zambiri za m'tauni ndi kachipinda kopanikizika, ka khomo limodzi ndi kawindo pamwamba, mwinanso kopanda windo. M'menemo ndi momwe mumayenera kulowa thumba la chimanga, ndowa ya ufa, mpunga, nyemba, mafuta ophikira, anyezi, mapoto akuluakulu ndi mbale za alendo. Kabati yogula kale m'mbali mwa msewu siikhala bwino m'malo otere. Ina imakanika pakhomo pomwe, ina imalowa koma n'kusiya mipata m'mbali momwe mumagwera zinthu ndi kuswana mphemvu. N'chifukwa chake mashelefu a m'kasitolo amapangidwa mochita kuyeza. Miyeso yake imachokera ku zinthu zitatu: katundu amene adzakhalepo, khoma limene lidzawanyamule, ndi khalidwe la thabwa. Sowo imagwira ntchito yake zonsezi zitadziwika.

Kuyeza katundu ndi chipinda

Mmisiri akafika pakhomo amayamba wafunsa mwini khitchini. "Mayi, ufa mumasunga m'chiyani? Nanga chimanga mumagula thumba lathunthu kapena ndowa?" Mayankho ake ndiwo amapereka mipata ya pakati pa mashelefu. Banja losunga ufa m'ndowa ya malita 20 lifunika mpata woti ndowayo ilowe, chivundikiro chitseguke, ndi dzanja lilowemo ndi kapu popanda kuitulutsa. Banja logula mafuta a m'chigubu cha malita 5 lifunika shelefu yotalikirapo kusiyana ndi logula timabotolo. Ndowayo, chigubucho ndi poto wamkulu wophikira pamwambo amaziyeza ndi tepi, ndipo pa msinkhu wa chilichonse amawonjezera masentimita 5 kapena kuposa a dzanja. Amapemphanso mwini khitchini kuti aimirire pafupi ndi khoma n'kukweza dzanja, iye n'kulemba chizindikiro pamene zala zafika. Shelefu ya zinthu za tsiku ndi tsiku siipitirira pamenepo.

Kenako tepi imapita ku chipinda. Amisirife timadziwa kuti khoma lowongoka ndendende n'losowa, choncho m'lifupi mwa chipinda mumayezedwa pa msinkhu wa shelefu iliyonse, kumbuyo ndi kutsogolo komwe. Pulasitala amanenepa m'makona, ndipo chipinda chimene chili masentimita 120 pakhomo chitha kukhala 118 kumbuyo. Kona amaiyesa ndi muyeso wa 3, 4, 5: masentimita 60 pa khoma limodzi, 80 pa linalo, ndipo ngati kona ili bwino, pakati pa zizindikiro ziwirizo pamakhala masentimita 100. Ikapanda kukwana, mapeto a shelefu amadulidwa motsata khomalo. Pansi napo sipokhulupirika, makamaka pamene omanga anapendeketsa dala kuti madzi okolopera azituluka. Mizere ya mashelefu imajambulidwa ndi levulo, osati powerengera kuchokera pansi. Popanda levulo, kapaipi koonekera mkati kothiridwa madzi kamagwira ntchito yomweyo, popeza madzi amaima pa msinkhu umodzi mbali zonse ziwiri.

Zina zofunika kulemba ndi izi: kumene chitseko chimatsegukira, pamene pali switchi ndi soketi, ndi khoma limene kuseri kwake kuli sinki kapena bafa. Mawaya a magetsi nthawi zambiri amayenda molunjika m'mwamba kapena m'munsi kuchokera pa soketi, ndiye mzere umenewo subooledwa. Khoma loyandikana ndi madzi limasunga chinyontho, ndipo ufa suikidwa moligunda.

Kagawidwe ka malo

Chilakolako cha anthu ambiri ndi shelefu yakuya, poganiza kuti idzanyamula zambiri. M'kasitolo kakang'ono shelefu yakuya imawononga malo ndi chakudya chomwe. Zimene zakankhidwira kumbuyo zimaiwalika mpaka zitafumbwa, ndipo munthu amasowa poima. Kanjira ka pakati kasachepere masentimita 60, poti woyendamo amawerama, kutembenuka ndi kunyamula ndowa. M'chipinda cha masentimita 120 m'lifupi, zimenezi zikusiya masentimita 30 mbali iliyonse ngati mashelefu azungulira makoma atatu. Chitseko chikamatsegukira mkati, khoma la kumbali kwake limasiyidwa lopanda kanthu, mashelefu n'kukhala kumbuyo ndi mbali imodzi yokha.

Kuya kumachepa pokwera m'mwamba. Pansi penipeni pamakhala kathandala kolimba, kokwezedwa masentimita 10 mpaka 15, kokhalapo matumba ndi ndowa. Thumba la chimanga siligona pasimenti chifukwa limakoka chinyontho, komanso tsache limafuna polowera. Pamwamba pa kathandalako pamasiyidwa mpata wa masentimita 50 mpaka 60. Mashelefu a pakati, kuyambira m'chiuno kufika m'maso, amakhala masentimita 30 kuya ndi mipata ya 30 mpaka 35, ndipo ndiwo a shuga, mchere, mpunga, mafuta ndi nsinjiro. A pamwamba amakwana ndi masentimita 20 mpaka 25, kuti munthu wa pansi aone chimene chilipo. Kona pamene mashelefu awiri akumana ndi malo ovuta kufikako, choncho imapatsidwa mapoto akuluakulu amene amatuluka mwa apo ndi apo.

Kusankha matabwa

Thabwa lofala kwambiri pa ntchitoyi ndi la paini. Ambiri amachokera ku nkhalango ya Viphya, imene anthu amangoti Chikangawa, ya mahekitala oposa 50,000. Yambiri inabzalidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ndi cholinga chopangira mapepala, koma fakitale yake sinamangidwe, mitengoyo n'kukhala ya matabwa. Paini wina amachokera ku mapiri a Zomba ndi Dedza. Paini ndi wopepuka, wosavuta kupala ndi kukhoma, ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Kuipa kwake n'kwakuti chiswe chimamukonda, ndipo ali ndi mfundo zambiri.

Malaina amapalika bwino ndipo akauma sapotoka kawirikawiri. Bulugamu ndi wolimba ndi wolemera, wabwino pa miyendo, koma amang'aluka pouma ndipo amapinda msomali ngati sanayambe wabooledwa. Mbawa ndi mlombwa ndi mitengo yokongola, yosagwidwa msanga ndi tizilombo, koma yasowa, ndi yodula, ndipo kudula mitengo yachilengedwe kumafuna chilolezo cha Dipatimenti ya Zankhalango. Kuigoneka pansi pa matumba m'chipinda chamdima n'kuwononga. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko la Malawi, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo ndipo ndi woletsedwa kudula. Mmisiri wolongosoka salandira thabwa lake ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo.

Palinso mabodi a kufakitale, amene amabwera pa muyeso wa masentimita 244 ndi 122. Kampani ya Raiply ku Chikangawa imapanga pulayiwudi ndi bulokubodi. Bodi imodzi ikang'ambidwa m'litali imatulutsa mashelefu anayi a masentimita 30, zotsala n'kukhala utuchi wokha. Bulokubodi ili ndi timizati ta mtengo mkati mwake toyenda m'litali, ndipo shelefu iyenera kudulidwa motsata timizatito. Ikadulidwa mopingasa imafooka. Chipibodi ndi MDF n'zosalala koma siziyenera m'kasitolo: zikamwa madzi zimafufuma osabwereranso, ndipo zikasenza katundu nthawi yaitali zimapindika pang'onopang'ono.

Pa msika wa matabwa, mmisiri amanyamula thabwa kumapeto, kutsinzina diso limodzi n'kuyang'ana motsata m'mphepete mwake. Pamenepo m'pamene kupindika ndi kupotoka kumaonekera. Thabwa lopindika pang'ono m'litali litha kugwira ntchito likadulidwa zidutswa zazifupi, koma lopotoka silichiritsika. Mfundo yaing'ono yomatirira bwino pakati pa thabwa ilibe vuto. Mfundo yakuda yozunguliridwa ndi khungwa imadzagwa n'kusiya bowo, ndipo mfundo yaikulu ya m'mphepete ndi pamene shelefu idzathyokere. Timabowo ting'onoting'ono totuluka ufa ndi chizindikiro chakuti tizilombo tili kale mkati.

Kuumitsa

Matabwa ambiri a pamsika amakhala aawisi. Amalemera, amazizira m'manja, ndipo utuchi wake umamatirira pa sowo. Thabwa likamauma limafota m'lifupi ndi m'kuchindikala, koma m'litali silisintha kwenikweni. Shelefu yopangidwa ndi matabwa aawisi imaoneka bwino tsiku loikhoma. Pofika mwezi wa Okutobala imakhala itatsegula mipata, molumikizira mutamasuka. Choncho matabwa amasanjidwa pamthunzi podutsa mphepo, okwezedwa pansi, ndi timitengo tofanana pakati pa thabwa ndi linzake, timitengoto titalunjikana kuchokera pansi kufika pamwamba. Pamwamba pa mulu amaikapo cholemera. Dzuwa lachindunji limaumitsa kunja msanga mkati muli mwamuwisi, ndipo thabwa limang'aluka. M'chilimwe paini wa inchi imodzi amauma m'masabata angapo. M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, amachedwa, ndipo akapanda mphepo amachita mawanga abuluu. Njira yosavuta yodziwira ndi kuyeza thabwa limodzi pa sikelo sabata ndi sabata: kulemera kukasiya kutsika, ndiye kuti lauma.

Kulemera ndi kupindika

Shelefu kawirikawiri siithyoka. Imagwa mimba pakati. Kupindikako kumadalira kwambiri zinthu ziwiri. Choyamba ndi mtunda wa pakati pa zochirikiza. Mtunda ukawirikizidwa kawiri, katundu n'kudzaza shelefu yonse monga poyamba, kupindika kumachuluka ka 16. Chachiwiri ndi kuchindikala kwa thabwa: kukawirikizidwa kawiri, kupindika kumachepa ka 8. N'chifukwa chake kuwonjezera chochirikiza chimodzi pakati kumathandiza kuposa kugula mtengo wodula.

Thabwa la inchi imodzi likapalidwa mbali zonse limatsala mamilimita pafupifupi 20. Paini wa muyeso umenewu, wosenza zakudya, asapitirire masentimita 75 mpaka 80 popanda chochirikiza. Pulayiwudi ndi bulokubodi ya mamilimita 18 imayenda chimodzimodzi. Kulemera kwa zakudya kumadabwitsa amene sanawerengere: mapaketi 10 a shuga ndi makilogalamu 10, thumba la chimanga ndi 50, ndowa ya madzi ya malita 20 ndi makilogalamu 20. Zolemera chotere malo ake ndi pansi, pamene kulemera kumatsikira m'miyendo mpaka pasimenti.

Pali njira yolimbitsira shelefu yaitali popanda mwendo wotchinga pakati. Kathabwa ka mamilimita 20 ndi 40 kamamatidwa ndi guluu choimirira m'mphepete mwa kutsogolo, n'kukhomedwa. Kumbuyo ndi m'mbali shelefu imagona pa timatabwa tokhomedwa pakhoma. Ikatero yagwidwa m'mbali zonse zinayi, ndipo kathabwa ka kutsogoloko kamabisanso m'mphepete mwa bodi. Kakatulukira pang'ono pamwamba, kamatchinga mabotolo kuti asagubuduke.

Khoma ndi zogwirira

Khoma ndilo limasankha njira yokhomera. Pa khoma la njerwa zootcha zomangidwa ndi simenti, njira yosawononga matabwa ndi ya timatabwa ta mamilimita 50 ndi 25 tokhomedwa pakhoma kumbuyo ndi m'mbali, shelefu n'kugona pamwamba. Timagwidwa ndi masikuluwu olowa m'mapulagi a pulasitiki, motalikirana masentimita 40. Sikuluwu iyenera kupyola kathabwa, kupyola pulasitala, n'kulowa m'njerwa mamilimita 40 kapena kuposa, popeza pulasitala payekha sanyamula kanthu. Misomali ya konkire ndi yachangu, koma imaswa pulasitala ndipo imagwedera pakapita nthawi.

Zimene zili kuseri kwa pulasitala zimadziwika ndi fumbi lotuluka poboola. Loyamba ndi lotuwa, la pulasitala. Likasanduka lofiira, dirilo yalowa m'njerwa, ndipo pamenepo m'pabwino. Likakhala lotuwabe, yagwera pa mzere wa matope a simenti. Likatuluka lofewa ngati dothi la m'munda, dirilo n'kumalowa mosavuta, ndiye kuti njerwazo anamangira dothi, ndipo pulagi ya pamenepo idzazuka. Bowo limasunthidwa masentimita atatu kapena anayi m'mwamba kapena m'munsi. Dirilo ikalimbana pang'ono kenako n'kulumphira mkati, khomalo ndi la mabuloko a mphako. Makoma oterewa akuchuluka, makamaka chiyambire 2018 pamene boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo. Pa mabuloko pamafunika mapulagi otambasuka kuseri kwa mphako, kapena kuboola pamene buloko ili yodzaza.

Pa khoma la zidina, kapena m'nyumba ya lendi imene eni ake salola kuboola, mashelefu amaima pa miyendo yawo. Amapangidwa ngati makwerero awiri kapena atatu, a miyendo ya mamilimita 50 mbali zonse, ndi timitanda tolowetsedwa m'mipata yosemedwa m'miyendomo, kuti kulemera kukhale pa mtengo osati pa msomali. Kumbuyo kumaikidwa thabwa lopingasa kuchokera kona ina kufika ina, kapena pulayiwudi yopyapyala, kuti chimango chisagwedere cham'mbali. Chimango chotere chimalumikizidwa mkati mwa kasitolo, chifukwa chathunthu sichingakhote pakhomo. Chikalumikizidwa ndi masikuluwu popanda guluu, banja limatha kuchimasula posamuka. Ngakhale zili choncho, pamwamba pamafunika pogwirira pamodzi kapena pawiri, pakhoma kapena pa mtanda wa kudenga. Mwana amaona shelefu ngati pokwerera kukatenga shuga, ndipo chimango chosagwidwa chimamugwera.

Kupala, kudula ndi kukhoma

Kupala kumayamba ndi nkhope imodzi ndi m'mphepete mumodzi, zimene zimawongoledwa ndi puleni n'kuyesedwa ndi sikweya. Miyeso ina yonse imachokera pa ziwirizi. Matabwa a masentimita 30 m'lifupi ndi osowa, ndipo akapezeka amakonda kukhota ngati ngalande. Awiri a masentimita 15 olumikizidwa ndi guluu amakhazikika bwino, makamaka mizere ya kumapeto ikatembenuzidwa, wina kuyang'ana kumwamba wina pansi. Shelefu ya anyezi, mbatata ndi mbatatesi siilumikizidwa konse: imapangidwa ndi timatabwa tosiya mipata ya sentimita imodzi kapena awiri kuti mphepo idutse.

Shelefu iliyonse imadulidwa pa muyeso wa malo ake, yochepera mamilimita atatu kapena anayi kuti ilowe osakanda khoma, ndipo imalembedwa nambala kunsi. Pamene khoma lakhota, thabwa limagundikizidwa pakhomapo, pensulo n'kuyenda motsamira kachidutswa ka mtengo kotsata khomalo. Mzere wotulukawo ndi umene puleni imatsata. Kukhoma kumayambira pansi. Kathabwa ka kumbuyo kamagwidwa kaye ndi sikuluwu imodzi pakati, levulo n'kuikidwa pamwamba, kenako mabowo enawo. Ta m'mbali timatengera msinkhu kwa ka kumbuyo. Pafupi ndi mapeto a thabwa pamayamba pabooledwa kabowo kakang'ono sikuluwu isanalowe, kuopa kung'alula. Shelefu imagwidwa ndi masikuluwu ochepa chabe, kuti itha kuchotsedwa pochapa kapena popaka khoma.

Kupaka ndi kuteteza ku tizilombo

Thabwa losapakidwa limamwa mafuta ndi fungo la usipa, ndipo silipukutika. Likasalazidwa ndi sandipepala, woyamba wokhakhala kenako wosalala, limapakidwa vanishi kapena penti kawiri kapena katatu, pamwamba, kunsi ndi m'mphepete momwe. Kupaka mbali imodzi yokha kumachititsa kuti chinyontho chizilowa mosiyana, thabwa n'kukhota. Mapeto a thabwa amamwa kwambiri ndipo amafuna kubwereza. Ntchitoyi imachitikira panja mashelefu asanakhomedwe. Penti akhale wolembedwa kuti alibe mtovu, ndipo woyera amathandiza m'chipinda chamdima poti ndowe za makoswe ndi mphemvu zimaonekera msanga. Ufa ndi shuga zimakoka fungo, choncho zakudya zimalowa fungo la penti litatheratu.

Oyilo wakuda wa galimoto ndi mankhwala onunkha opaka mitengo ya kudenga siziyenera pamene pakhale chakudya. Matabwa obiriwira, oviikidwa m'mankhwala kufakitale, nawonso asagundane ndi zakudya. Chiswe chimatchingidwa ndi kamangidwe: miyendo imaima pa tizidutswa ta matailosi kapena pachitsulo, ming'alu ya pansi imatsekedwa ndi simenti, ndipo pansi pa kathandala pamasiyidwa poonekera kuti kanjira ka dothi ka chiswe kadziwike kakangoyamba. Mipata ya pakati pa kathabwa ndi khoma imamatidwa, poti mphemvu zimaswana m'malo othina. Kawindo kamaikidwa sefa ya waya kuti mphepo ilowe koma khoswe asalowe. Nankafumbwe wamkulu, amene analowa m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kudzera kumalire ndi Tanzania, amaboola ngakhale mtengo, ndiye kathandala ka matumba kamapangidwa koti kazituluka kukaombedwa dzuwa chimanga chatsopano chisanalowe.

Kusanja katundu ndi kusamala

Asanachoke, mmisiri amayesa shelefu iliyonse poikapo zolemera pakati n'kuyang'ana ngati kathabwa ka pakhoma kasuntha. Akatero amafotokozera mwini khitchini kasanjidwe kake. Zolemera zikhale pansi ndi pafupi ndi zochirikiza, zopepuka m'mwamba. Matumba asagunde khoma. Sopo, palafini ndi mankhwala ophera tizilombo zisakhale m'kasitolo ka zakudya, chifukwa fungo lake limalowa mu ufa ndipo botolo losalembedwa limasokoneza. Zogula kale zizibwera kutsogolo, zatsopano kumbuyo.

Mashelefu amapukutidwa ndi nsalu yofinya, osati kuthiridwa madzi. Masikuluwu amamangidwanso pakatha nyengo yoyamba ya chilimwe, matabwa atamaliza kufota. Kumayambiriro kwa mvula, pamene chiswe chimayenda kwambiri, katundu yense amatulutsidwa kuti miyendo, makona ndi kunsi kwa mashelefu kuyang'aniridwe. Shelefu yopanda kathabwa kakutsogolo ikayamba kugwa mimba itha kutembenuzidwa, koma chothetsa vutolo ndi kuiwonjezera chochirikiza pakati kapena kuitsitsira katundu wake pa kathandala ka pansi.